Mswachi ndi Waya wa Mapoto

Uthenga unalowa Kamswachi ali mkati momasula laputopu ya kasitomala.

"Kompyuta yanga ikufa. Ikutentha ngati simbi, kenako ikuzima yokha. Madzi a m'mapaipi aja asanduka obiriwira."

Anawerenga n'kupukusa mutu. Dzina loti Kamswachi anamupatsa ndi anzake okonza mafoni ndi makompyuta, chifukwa m'thumba la ovolosi yake simunkasowa mswachi wakale wotsukira tizitsulo. Wotumiza uthengayo anali chibwenzi chake, mnyamata wojambula mavidiyo a maukwati, amene aliyense ankangomuti Mlongoti chifukwa polowa m'nyumba ankachita kuwerama. Kompyuta yakeyo inali ija yoziziritsidwa ndi madzi. Pampu imayendetsa madzi m'mapaipi oonekera, madziwo n'kumadutsa m'zitsulo zogona pamwamba pa ziwalo zotentha, n'kukataya kutenthako mu rediyeta, monga momwe zimakhalira m'galimoto.

"Unathiramo madzi anji?" analemba.

Yankho linachedwa. Kamswachi ankamudziwa munthu wake: akachedwa kuyankha ndiye kuti akufunafuna pothawira.

"Madzi basi."

"A pampopi?"

"Anali oyera bwinobwino."

"Iwe ndi wofunika kumangidwa. Ibweretse kuno."

"Singanyamulike, ukudziwa. Ubwere kunyumba mawa. Vidiyo ya ukwati wa anthu aja ikufunika Loweruka ndipo ndangofika pakati."

"Amayi ako adzakhalapo?"

"Ndi nyumba yawo."

"N'chifukwa chake ndikufunsa."

"Ubwere. Adzakuone ukugwira ntchito. Sanakuonepo bwino."

Kumuona anali atamuonapo, kamodzi, pageti. Tsiku limenelo Kamswachi anachokera kuntchito, m'zikhadabo muli bii. Mayiwo sanayang'ane nkhope yake n'komwe. Anayang'ana manja, n'kufunsa mwaulemu wake wonse kuti, "Ndiye chakudya mumagwira ndi manja omwewa?" Anali mayi wopuma pantchito, amene moyo wawo wonse anayang'anira khitchini ya hotela, ndipo kwa iwo munthu ankayezedwa ndi ukhondo. Mpongozi anali atamusankha kale: mwana wa mnzawo, mtsikana wogulitsa mankhwala ku famase, wa galimoto yakeyake ndi zikhadabo zazitali zopaka utoto. Kamswachi mumtima mwake ankangomuti Wazikhadabo.

Anayang'ana manja ake, n'kulemba kuti, "Ndidzabwera." Mantha anali nawo, sanadzinamize. Koma mnyamatayo ankamukonda, ndipo anali atatopa ndi chibwenzi chothera pageti.

* * *

M'mawa mwake anatsuka manja mpaka anachita psuu.

Nyumbayo inali yoyera moopsa. Pansi pankaterera, makatani anali osita, ndipo kudzera pachitseko cha khitchini ankaona mapoto atapachikidwa pamzere, onse ali waliwali ngati sanaonepo moto.

"Mwafika, amakaniko?" anatero mayiwo.

"Ndafika, amayi. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka. Nsapato musiye pakhomo."

Pampando wa pabalaza panali Wazikhadabo, mwendo pamwamba pa unzake. Anamwetulira ngati mwininyumba.

"Ine ndangodutsa kudzasiya mankhwala a amayi a kuthamanga kwa magazi," anatero. "Sindimadziwa kuti kubwera aganyu."

Mlongoti anatsokomola. "Tiye kuchipinda uione."

"Kuchipinda ayi," anadula mayiwo. "Itulutse pano, tizionera limodzi."

Anayala manyuzipepala akale pathebulo lodyera, Mlongoti n'kubwera nayo akubuula. Kamswachi anaika beseni pansi, n'kutsegula kampopi ka kunsi kwa kompyutayo. Madzi anatuluka ali biriwiri, akununkha ngati ngalande yotsekeka. Mayiwo anagwira mphuno.

"Zimenezi zimagona m'nyumba mwanga?"

"Ndi ndere, amayi," anatero Kamswachi. "Madzi a pampopi amamera zinthu akakhalitsa. Muno mumafunika madzi a batire, opanda mchere uliwonse, ndi mankhwala ake."

Atayamba ntchito mantha anachepa. Anamasula mapaipi, n'kuchotsa chitsulo chachikulu choziziritsa khadi la zithunzi, lomwe ndilo mtima wa ntchito ya mavidiyo. Chinali chitsulo chophwatalala, chokhala ndi chivundikiro cha pulasitiki yoonekera ngati galasi. Atachitsegula anapeza mathothomathotho obiriwira ndi akuda, ndipo m'makona munali zoyera zouma ngati phala la dzulo.

"Taona ntchito yako," anauza Mlongoti. "Ichi mkati ndi mkuwa, koma anachikuta ndi nikelo. N'chifukwa chake chimaoneka ngati siliva. Khungu limeneli ndi lopyapyala kuposa la anyezi. Ndiye timizere iti, tothinana kuposa mano a chipeso, ndi momwe madzi amadutsa kuti atenge kutentha. Tonse tatsekeka." Anatola kolumikizira mapaipi kamodzi, kodyeka ngati dzino lobowoka. "Nanga aka kanabwera bwanji?"

"Ndinagula pamsika. Koyamba kaja kankadontha."

"Ndi ka aluminiyamu aka. Aluminiyamu ndi mkuwa sizimwera madzi amodzi. Ukaziika pamodzi zimadyana."

"Ngati anthu enatu," anatero Wazikhadabo, maso ali pafoni.

Kamswachi anatulutsa mswachi wake. Anapempha madzi ofunda ndi sopo pang'ono, n'kuyamba kutsuka timizere tija mofatsa, akutsata mzere umodziumodzi. Zobiriwira zinkachoka, koma pang'onopang'ono. Mayiwo anaima pambali pake, manja m'chiuno, ndipo zinkaoneka kuti thupi lawo lonse likuyabwa.

"Ndi kamswachi kanuko mutha nako chaka."

"Zimafuna kuleza mtima, amayi."

"Ine zaka zonse ndakhala m'khitchini sindinaonepo dzimbiri lochoka ndi kusisita. Dzimbiri ndi la nkhondo." Anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Komabe manja anu ndi odekha. Zimenezo ndaona."

Mtima wa Kamswachi unadumpha. Kanali koyamba kumva mawu abwino kuchokera pakamwa pamenepo, ndipo anawasunga ngati dzira.

Timphira totseka madzi tinali titauma, ndipo madzi a batire amene anabwera nawo anali ochepa. Panafunika kupita kusitolo. Anamiza chitsulo chija m'beseni la madzi a sopo, chivundikiro chake n'kuchiika pansalu yofewa.

"Zikhale momwemu kuti zifewe. Ndikabwera ndidzamaliza."

Anatsegula pakamwa kuti awonjezere kuti pasapezeke wozikhudza. Koma mawu amenewo ungawauze bwanji amayi a chibwenzi chako, m'nyumba mwawo, pathebulo lawo, atangokuyamikira kumene? Anatseka pakamwa n'kukavala nsapato.

* * *

"Wamva?" anatero Mlongoti atangotuluka pageti. "Akuti manja ako ndi odekha. Ine chibadwire sanandiyamikirepo choncho."

"Ndamvanso zoti ndine waganyu."

"Musiye uja. Pakamwa pake m'pomwe pali pathwa."

"Amabwera kangati pa sabata?"

"Amabwera kwa amayi."

"Sindinafunse kuti amabwera kwa ndani."

Mlongoti anaseka, n'kumugwira dzanja. Kamswachi analichotsa, koma osati mwamphamvu, ndipo atalitenganso anangomusiya.

"Nsanje ikukukhala," anatero mnyamatayo.

"Si nsanje. Ndikungoona kuti wina amalowa mpaka kukhitchini, wina amasiya nsapato pakhomo."

"Nayenso amasiya nsapato pakhomo. Ngakhale abusa amasiya." Anaima pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, nkhope itasintha. "Tamvera. Lero kompyuta ija ikangoyaka, ndiwauza amayi, iwe uli pomwepo, uja ali pomwepo. Ndiwauza kuti mkazi wanga ndi iweyo, ndipo nkhani ya ana a anzawo ithe."

Kamswachi anayang'ana pansi kuti mnyamatayo asaone mmene anasangalalira. "Nanga ikapanda kuyaka?"

"Iwe uli pano? Iyaka."

Anayenda pang'ono. Kenako Kamswachi anafunsa chimene chinkamuvuta chiyambire m'mawa. "Khadi lija linabwera ndi mafani ake oziziritsa ndi mphepo. Ali kuti? Zitavuta tikhoza kungobwezeretsa amenewo, n'kuiwala za madzi mpaka Loweruka litadutsa."

Mlongoti anapumira m'mwamba. "Usandikumbutse. Amayi anataya. Ankasesa kuchipinda kwanga, anapeza katoni, akuti zitsulo za fumbi. Tinayambana koopsa. Ndinalankhula mawu amene mwana sayenera kulankhula, iwo magazi n'kukwera mpaka kukagona kuchipatala. Mwezi wathunthu tinkangodutsana m'nyumba ngati alendo."

"Pepa."

"Ndinawauza tsiku lomwe anatuluka m'chipatala. Ndinati, amayi, mukadzakhudzanso zida zanga za ntchito, ndidzalongedza tsiku lomwelo, simudzandionanso pakhomo pano. Ndipo sindinkaseka."

"Usamalankhule choncho. Ali ndi iwe wekha."

"N'chifukwa chake sadzakhudzanso."

Ali m'sitolo foni ya Mlongoti inalira. Anali mkwati mwini vidiyo, akufuna kuonana naye pompo kuti asankhe nyimbo. Mlongoti anakanda mutu.

"Pita," anatero Kamswachi. "Ine ndikayambe. Ukamafika upeza ndikuthira madzi."

"Utha kukhala nawo wekha awiri aja?"

"Ndimakhala ndi makasitomala okwiya tsiku lonse. Awiri okha?"

Ananyamula botolo la madzi a batire ndi timphira tatsopano, n'kubwerera akuimba chamumtima.

* * *

Chinayamba kumulonjera ndi fungo. Viniga, ndi kafungo kena kobaya m'mphuno, kamene akazi onse amakadziwa: mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo.

Beseni panalibe. Pathebulo panali patayalidwa nsalu yoyera, ndipo pamwamba pake panagona chitsulo chija, chikuwala ngati chatsopano. Koma sichinali cha siliva. Chinali chofiirira, mkuwa uli pamtunda, nikelo atatsala zigambazigamba m'mbali. Pambali pake panali mpira wa waya wokwechera mapoto, udakali wonyowa.

Mayiwo anatuluka m'khitchini akupukuta manja, nkhope ili ngwee.

"Ndati ndikupepuzeni ntchito," anatero. "Viniga wotentha ndi waya, basi. Taonani. Dzimbiri lili kuti?"

"Chipulasitikicho ndathandiza ndine," anawonjezera Wazikhadabo. "Mankhwala anga aja sasiya banga."

Kamswachi anaika botolo pansi mosamala. Ananyamula chitsulo n'kuchipendeketsa cha kuwindo. Timizere tija tinali titagona tonse mbali imodzi ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe, tina titaphwanyikiratu, ndipo mkati mwake munakanirira tizidutswa ta waya. Anatola chivundikiro. Chinali chitachita chifunga, ndipo kuzungulira mabowo a masikuluwu kunali ming'alu yaing'onoing'ono ngati ukonde wa kangaude. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Bwanji?" anafunsa mayiwo. "Sichinayere?"

"Chayera, amayi." Mawu anatuluka otsika. "Koma chafa."

"Chafa bwanji? Chitsulo chimafa ndi kutsuka?"

"Madzi amadutsa m'timizere umu. Tatsekeka, ndipo sitingadzukenso. Pulasitiki iyi simagwirizana ndi mankhwala a zikhadabo, yang'ambika. Ndikathira madzi, adonthera pakhadi, zonse zipsa."

"Mugule china."

"Kuno sichipezeka. Amachita kuitanitsa kunja, ndipo chimatenga masabata."

Mayiwo analanda chivundikiro chija, n'kuvala magalasi awo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kamswachi anaona nkhope ija ikugwa pang'onopang'ono, dzanja lina likufufuza mpando kumbuyo. Anakhala pansi. Mayi amene ankalamula khitchini yonse ya hotela anangooneka wamng'ono, wokalamba.

"Anati adzalongedza," ananong'ona, osati kwa wina aliyense.

Wazikhadabo anali atabweza kale kabotolo kake m'chikwama.

Geti linalira. Mlongoti analowa akuimba mluzu, anawerama pakhomo monga mwa masiku onse, n'kuima. Anatola chitsulo. Anatola chivundikiro. Mluzu unathera m'kamwa.

"Wachita izi ndani?"

Mayiwo anagwira pachifuwa. Kamswachi anaona zonse zikubwera ngati galimoto yopanda mabuleki: kukuwa, masutikesi, chipatala, ndipo pamapeto pake dzina lake, mtsikana amene tsiku loyamba kulowa m'nyumba anachotsa mwana kwa mayi ake. Nsalu ya pathebulo inali pafupi. Anaikokera pamwamba pa waya uja.

"Ndine," anatero.

"Iwe?"

"Dzimbiri linakanirira. Ndinafuna upeze ndamaliza, ndiye ndinathira mankhwala amphamvu, n'kukwecha. Ndalakwitsa."

Kamswachi anamuyang'ana m'maso, osaphethira, chifukwa ankadziwa kuti akangoyang'ana kumbali bodza ligwa.

"Iwe amene umanditukwana chifukwa cha madzi a pampopi?" Mawu a Mlongoti anali ozizira, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukuwa. "Ukudziwa kuti anthu aja ndangowalonjeza kumene? Ndawauza kuti kompyuta yanga ili m'manja mwa munthu amene salakwitsa."

"Pepa."

"Pepa sapanga vidiyo."

Apa m'pamene Wazikhadabo anadzuka, akuwongola siketi. "Musakangane, abale. Achimwene anga anasiya kompyuta yawo yamphamvu kunyumba, ikungokhala. Tenga zinthu zako, ukagwirire kwathu mpaka Loweruka. Chipinda chilipo, chakudya ndizikuphikira. Galimoto ili panja."

Mlongoti anayang'ana Kamswachi, ngati akudikira kuti anene china. Kamswachi analuma mlomo. Mnyamatayo anamasula chosungira mavidiyo m'kompyuta, anachiika m'chikwama, n'kupukutira manja pamalaya.

"Zija ndimati ndinene lero zija," anatero ali pakhomo, "zidikire kaye."

Wazikhadabo potuluka anadutsa pafupi ndi Kamswachi, n'kunong'ona kuti, "Zikomotu, achemwali."

* * *

Anatsala awiri. Kamswachi anayamba kulongedza zida zake: masikuludiraiva m'kachikwama kawo, timphira tatsopano tosagwira ntchito, mswachi m'thumba. Misozi inali pafupi koma anaikaniza. Mumtima munali kachiyembekezo kamodzi kokha, ndipo sanachite nako manyazi. Anali atataya zambiri masana amenewo, koma mwina anali atagula mayi.

Mayiwo anamwa mankhwala awo ndi madzi, anatsuka kapu, anaipukuta, n'kuibwezera pamalo pake. Kenako anachotsa nsalu ija, n'kutola waya wawo.

"Khalani pansi," anatero.

Anakhala.

"Mwandiphimba. Ndaona, ndipo sindine mwana kuti ndisadziwe chimene mwandipulumutsako. Bwenzi pano akulongedza."

"Palibe kanthu, amayi. Inu mumafuna kuthandiza. Wolakwa ndine, sindinanene kuti zisakhudzidwe."

"Munalekeranji kunena?"

"Ndinaopa. Ndi nyumba yanu."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akutembenuza waya uja m'manja. "Ndikuuzeni chinthu chimodzi. Bambo ake a mwana uyu anali munthu wabwino pamaso pa anthu. Ankanama mokoma, ndipo nthawi zonse ankati akunama kuti ine ndisadandaule. Ndinadziwa zoona zake tsiku la maliro awo, atabwera mkazi wina ndi ana awiri kudzalira." Anakweza maso. "Lero ndakuyang'anani. Simunaphethire. Mawu sanagwedezeke. Mwana wanga, amene mumati mumamukonda, mwamuyang'ana m'maso n'kumudyetsa bodza, iye n'kumeza."

Kamswachi anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. "Amayi, ndachitira inu."

"Ndikudziwa. Nayenso ankachitira ine."

"Ndiye mumafuna ndikanatani? Ndikulozeni chala?"

"Sindikudziwa chimene ndimafuna," anatero mayiwo, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo ananjenjemera. "Ndikungokuuzani chimene ndaona. Manja akuda aja ndikanawazolowera, ndinali nditayamba kale. Koma mkazi wodziwa kunama chonchi, ndimupereke bwanji mwana wanga?"

Mkwiyo unamukwera Kamswachi mpaka m'makutu. Chibwenzi chake chinali m'galimoto ya mkazi wina, ntchito yake yanyozeka pa mlandu wa eni, ndipo amene anawaphimba ndi nsalu yake ndi amene ankamuuza kuti ali maliseche. Anafuna kukuwa. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mayi awa anakhala pamkhate wake weniweni. Anaimirira, n'kukoleka chikwama paphewa.

"Uja wa mankhwala a zikhadabo sananame," anatero. "Anangokhala chete, n'kutenga mwana wanu. Ngati ukhondo wake ndi umenewo, mwapeza mpongozi."

Mayiwo anatsegula pakamwa, koma foni ya Kamswachi inalira pathebulo, pakati pa awiriwo. Unali uthenga wa Mlongoti, ndipo zilembo zinaoneka poyera pagalasi la foni. Mayiwo magalasi anali asanavule.

"Pamalaya panga pakanirira kachidutswa ka waya wa mapoto. Kachoka pachitsulo chija. Iwe waya sugwira, ngakhale atakuopseza ndi mfuti. Ndamuuza mtsikanayu aimitse galimoto. Ndikuimba, ndipo undiuze zoona. Ukandinamizanso, ine ndi iwe zathera pomwepo."

Asanamalize n'komwe kuwerenga, foni inayamba kulira, dzina la Mlongoti likuthwanima. Inalira, ikunjenjemera pathebulo, ikusendera pang'onopang'ono kufupi ndi chitsulo chowala chija.

Mayiwo anaika waya pansi. Dzanja lawo linabwerera pachifuwa, koma maso sanawachotse pa Kamswachi.

"Yankhani, mwanawe," anatero motsitsa. "Wina mwa ife awiri amutaya lero. Sankhani ndinu."